Anyamata athu akukumba zimene aonera pa kanema

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga pa tsamba lanu la makalata. Ine ndimakonza mawailesi ndi makanema pa kamsika kena m'boma la Dedza, ntchito imene ndinayamba wailesi ikadali ya batire lalikulu ngati njerwa. Kulembera nyuzipepala sindinazolowere, ndiye mukaona pena pakhota muwongole. Chandigwiritsa cholembera ndi kamakina kena kofufuzira zitsulo m'dothi kamene kanalowa m'shopu mwanga chilimwe chathachi, ndi zimene kanakachita katatuluka.

M'shopu ya wokonza makanema simuzima kanema. Ukamaliza kuwotcherera umayisiya iyake tsiku lonse kuti uone ngati siitenthanso, ndipo pakhonde sipasowa oonera zaulere. Kale anyamata ankandipempha mpira ndi nkhonya. Zaka ziwiri zitatu zapitazi pabwera chatsopano. Akufuna mapulogalamu a azungu oyenda m'minda ndi ndodo yokhala ndi mbale kunsi kwake, zomvera zili m'makutu, mutu uli zyoli ngati munthu wotaya singano. Makinawo akalira mzungu amagwada, n'kukumba, n'kutulutsa kandalama kodzaza dothi, ndipo pakhonde panga pamabuka phokoso ngati chalowa chigoli. Ena amakopera mapulogalamuwa m'mafoni kukaonera kumudzi. Makinawo amawatchula kuti ditekita.

Nanenso ndimaonera, ndisaname. Imene yandidyera nthawi kwambiri ndi The Curse of Oak Island, ya abale awiri a ku America, Rick ndi Marty Lagina, amene akukumba pa kachilumba kena ku Nova Scotia, m'dziko la Canada. Nkhani ya chilumbacho imati mu 1795 mnyamata wina anaona malo otsikira ngati panakumbidwapo kale, ndipo kuchokera pamenepo anthu akhala akuthira ndalama m'maenje. Anthu 6 anatayapo moyo. Pulogalamuyi inayamba mu 2014. Amabwera ndi zimakina zoboola pansi zoposa za okumba mijigo, akatswiri a izi ndi izo, mapu akale oyala patebulo. Zimene ndawaona akutulutsa ndi matabwa ovunda, misomali, mabatani, tindalama takale ndi kamtanda ka mtovu. Bokosi la chuma ndilo ayi. Gawo lililonse likamatha amakusiya m'malere, ati zenizeni zili sabata yamawa, ndipo iwe sabata yamawayo umapezeka wakhala pa mpando womwewo. Akazi anga amati abale awiriwo chuma anachipeza kalekale, ndipo chumacho ndine.

Tsiku lina la msika kunabwera anyamata atatu, mmodzi wongobwera kumene kuchokera ku Joni. Anatulutsa m'thumba la feteleza ditekita yogula pa kaunjika wa kumeneko, yomangidwa ndi tepi paphewa. Inali itasiya kulira. Vuto linali laling'ono, waya anaduka pamene amalowera m'mbale muja. Koma popeza ndinali ndisanagwirepo chotere, ndinatsegula zonse kuti maso adye.

Mulibe mankhwala m'menemo, Akonzi, ngakhale ena kuno amanong'onezana kuti makinawa amafuna kuwasambira ndiponso kuti sagwira ntchito m'manja mwa munthu wotentha. M'mbalemo muli waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri, ife timati koyilo, m'bale wake wa uja wa m'sipika. Magetsi a batire akamayenda mu koyilo imodzi amatumiza mphamvu ya maginito m'dothi. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo, chitsulocho chimayankha ndi kamphamvu kakekake, koyilo yachiwiri n'kumva, sipika n'kulira. Zathera pompo. Mkanda saumva, mbiya saimva, fupa salimva. Komanso safika patali. Ndalama yachitsulo amaimva pa masentimita 20 kapena 30, pamene khasu limafika ukalitema kawiri katatu, ndipo chinthu chachikulu ngati poto amachimva pakuyako pang'ono. Dothi lathu la katondo lili ndi chitsulo chake, ndiye makina otchipa amangolira paliponse ngati mwana wa njala.

Nditalumikiza wayayo tinakayesera kuseri kwa shopu, pamene kale panali golosale. Tinatola zitsekerero za mabotolo zodzaza dzanja, misomali, chidutswa cha lata, supuni yopanda mchira. Anyamata aja anayamba kugwa ulesi. Kenaka pafupi ndi mpanda makinawo analira mosiyana, mokweza ndi momveka bwino. Ndinakumba ndekha ndi sikuludiraiva. Munatuluka kandalama koboola pakati. Nditakapukuta ndi malovu ndinaona njovu ziwiri zoimirira ndi miyendo yakumbuyo, mawu akuti Rhodesia and Nyasaland, ndi chaka cha 1957. Peni ya nthawi ya chitaganya. Amayi anga ankazitunga pa chingwe n'kumangirira m'chiuno popita kumsika, ndipo ine ndinkatumidwa nayo kukagula mchere wa pa supuni. Ndinaima nayo m'manja mtima ukugunda ngati ndathamanga. Peniyo lero singagule ngakhale machesi, koma inandibwezera nkhope ya amayi anga imene ndinali nditayamba kuiiwala. Choncho anyamatawa sindikuwaseka. Chimene chimawakoka ndachilawa.

Ndinawafunsa kumene akupita nawo makinawo. Wa ku Joni uja anati, "Madala, si inu nomwe mumatiuza kuti Kamuzu ankati chuma chili m'nthaka?" Tinaseka tonse. Ndinamuuza kuti Ngwazi inkanena za khasu ndi chimanga. Analipira theka, n'kulonjeza kuti theka linalo adzabweretsa akakumba.

Patatha mwezi nkhani inandipeza yokha, monga zimachitira nkhani za pamsika. Anapita pa bwinja lina m'tsinde mwa phiri, malo amene akuluakulu amati panali mudzi makolo asanasamukire kumsewu. Makina analira. Anakumba ndi piki, mwaphuma, usiku ndi tochi kuopa kuonedwa. Piki inagwera pa mbiya, mbiya n'kusweka pakati. Munali zigwinjiri zobiriwira ndi dzimbiri, ndi timikanda tambiri tating'ono ngati mapira. Iwo maso anali pa zigwinjiri. Anazikwecha ndi mchenga, ena anathira madzi a m'batire ya galimoto, zitayamba kufiira anati tapeza golide. Mikanda inamwazikira m'dothi ndi m'maudzu, mapale a mbiya anawaponya kutchire. Munthu wa m'tauni amene anamuitana anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi mkuwa, awagula pa sikelo ngati waya wakale. Pamwamba pa apo, pokumbapo panali pafupi ndi msitu wa manda, ndipo aliyense wa kuno kwathu akudziwa kuti kumeneko sikuseweredwa. Mlandu unakafika kwa amfumu, mbuzi inapita.

Ine waya uja ndinalumikiza ndi manja angawa, ndiye nkhaniyi yandikhala pamtima.

Ndili ndi mwana wamkazi ku England, mumzinda wa Stoke-on-Trent, amasamalira okalamba. Nditamufotokozera pa WhatsApp, tsiku lake lopuma anapita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzindawo, Potteries Museum, n'kunditumizira zithunzi za tizidutswa ta golide tonyezimira ndi timiyala tofiira. Ndi gawo la chuma chimene amachitcha Staffordshire Hoard. Anachipeza mu 2009 bambo wina wa ditekita m'munda wa mlimi pafupi ndi Lichfield: golide wolemera makilogalamu angapo, zambiri zokongoletsera malupanga a ankhondo a zaka za m'ma 600. Mtengo wake anauika pa £3.285 miliyoni, ndipo ndalamazo anagawana wopezayo ndi mwini munda. Anyamata akamva chiwerengero chimenecho makutu amaima. Chimene samva n'chakuti bamboyo anali atayenda ndi makina ake zaka 18 asanakumane ndi mwayi umenewo, akutola zomwe tinatola ife kuseri kwa shopu. Samvanso kuti ndalamazo sanazilandire kwa munthu wa chikwama pansi pa mtengo. Zinachokera ku nyumba ziwiri zosungiramo zakale, ya ku Birmingham ndi ya ku Stoke-on-Trent, zimene zinapempha thandizo kwa anthu wamba ndi mabungwe kuti chumacho chisachoke m'dera mwawo.

Kumeneko kuli lamulo, Treasure Act ya 1996. Usanaponde m'munda wa munthu ndi makina umapempha kwa mwini wake. Ukapeza chinthu cha golide kapena siliva chimene chatha zaka 300, kapena mulu wa ndalama zakale, uli ndi masiku 14 oti ukanene kwa mkulu wa boma amene amamutcha coroner. Kagulu ka akatswiri kamaika mtengo, nyumba zosungiramo zakale zimapatsidwa mpata wogula, ndalama n'kugawidwa. Kuyambira 1997 kulinso ndondomeko yotchedwa Portable Antiquities Scheme, yokhala ndi antchito m'zigawo amene ntchito yawo n'kulandira anthu obwera ndi zotola, ngakhale batani kapena kandalama kamodzi. Amajambula, amalemba pamene chapezeka, n'kumubwezera mwini wake. Zolembedwazo zinadutsa kale 1 miliyoni, ndipo aliyense angathe kuziona pa intaneti. Mbali imeneyi pa kanema imadutsa ngati mphenzi, mwina saionetsa n'komwe, chifukwa munthu wodzaza fomu sasangalatsa kuonera.

Nkhani imene ndimaikonda ine ndi ya pa mudzi wa Hoxne, ku Suffolk. Mu November 1992 mlimi wina anataya hamala m'munda, n'kupempha mnzake Eric Lawes, mdala wopuma pantchito amene anali ndi ditekita, kuti amuthandize kuifuna. M'malo mwa hamala mdalayo anayamba kutulutsa masupuni a siliva ndi ndalama za Aroma. Atadzaza timatumba tiwiri anaima. Tangoganizani, Akonzi, golide akuonekera m'dzenje, palibe wina akukuona, iwe n'kuika fosholo pansi. Anakauza mwini malo ndi apolisi, ndipo m'mawa mwake akatswiri ofukula zakale anabwera kudzachotsa zotsalazo mwaluso lawo. Munali ndalama 14,865, zibangili za golide ndi ziwiya za siliva. Chifukwa choti mdalayo sanavundule, akatswiri anatha kuona kuti zonsezo zinali m'bokosi la matabwa, zopakiridwa bwino ndi udzu ndi nsalu, umboni woti mwini wake anabisa modekha akuganiza kuti adzabweranso. Zaka za pa ndalamazo zinasonyeza kuti anakwirira chitadutsa chaka cha 407, ulamuliro wa Aroma ukutha ku Britain. Mphotho inali £1.75 miliyoni, ndipo mdalayo anagawana ndi mnzake wa hamala uja. Hamalayo inapezeka pambuyo pake, ndipo nayonso ili ku British Museum.

Osabisa, kumenekonso akuba alipo. Amuna awiri amene anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking, ankhondo akale ochokera kumpoto kwa Ulaya, pafupi ndi tauni ya Leominster mu 2015 anasankha kugulitsa mwamseri. Mu 2019 khoti linawatumiza kundende, ndipo ndalama zambiri za m'chumacho sizinaonekenso.

Tsono tibwerere kwathu. Mbiya imene anyamata anaswa ija sikanawalemeretsa, ngakhale akanaitulutsa yathunthu. Koma agogo anga aakazi mikanda ankaitchula kuti chuma, ndipo sankaphiphiritsa. Kutsika kuchokera kuno kupita ku Mtakataka kuli Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi. Dr Yusuf Juwayeyi, katswiri wathu wofukula zakale, anakumba kumeneko n'kupeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zidutswa za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi minyanga ya njovu yosemedwa. Zimenezo zimatiuza kuti zaka 400 kapena 500 zapitazo, Livingstone asanabadwe n'komwe, makolo athu anali pa malonda ofika kutali. Zambiri mwa zinthu zimenezo ditekita singazimve. Ndipo ngakhale zimene ingamve, phindu lake lili pa malo amene zagona: chili pamwamba n'chiti, chili pansi n'chiti, makala ali pambali pake ndi a liti, mbiyayo inalembedwa mizere yotani pakhosi. Katswiri akaona mizere ya pa phale amadziwa anthu ake ndi nyengo yake, monga ine ndimadziwira wailesi ya ku Japan pongoona mkati mwake. Piki ikadutsapo zonsezo zafufutika, ndipo palibe sodala yolumikizira.

Anzathu a ku Zimbabwe zinawaonekera kale. Mu 1895 azungu ena anakhazikitsa kampani yongokumba mabwinja a miyala a dzikolo kufuna golide, ndipo zokongoletsera zambiri zimene anapeza anazisungunula. Iwo anali alendo, sizinkawakhudza. Ife tikuswa mbiya za agogo athu enieni, n'kugulitsa pa sikelo.

Lamulo kuno lilipo, Monuments and Relics Act, ndipo limaletsa kufukula zinthu zakale kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma. Koma pakhonde langa, mwa anyamata onse oonera aja, palibe ndi mmodzi yemwe amene analimvapo. Amadziwa dzina la chilumba cha ku Canada, koma Mankhamba, ulendo wa maola ochepa pa minibasi, ankayesa ndi dzina la mankhwala a mbewu.

Pempho langa likupita kwa eni nyumba zoulutsira mawu ndi makanema m'dziko muno. Njala ya mapulogalamu oterewa mwaiona, kapena ngati simunaione bwerani mudzakhale pa benchi yanga tsiku la msika. Tipangireni yathu, m'Chichewa, ndi m'Chitumbuka ndi m'Chiyao momwe. Siifuna ndalama za ku Oak Island. Ku Britain kunali ina yotchedwa Time Team, imene inayamba mu 1994, ndipo kachitidwe kake kanali kosavuta: akatswiri amafika pamalo, amapatsidwa masiku atatu okha, amakumba mwadongosolo kamera ikuona, anthu a m'mudzimo akuthandiza kusefa dothi, ndipo pomaliza amafotokoza chimene apeza ngakhale chikhale phale limodzi. Ife tili ndi akatswiri ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi m'sukulu zaukachenjede. Malo ndiye osayamba. Kuno ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo ena mwa iwo ana alembapo mayina awo ndi makala chifukwa palibe anawauza. Ku Karonga kuli mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale chimene chinatha padziko, kuli Uraha kumene mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu amene anakhalako zaka zoposa 2 miliyoni zapitazo, kuli manda a asilikali a nkhondo ya mu September 1914. Kuli malinga a nthawi yothetsa ukapolo, monga Fort Lister ku Phalombe. Kuli ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zimene alimi amazigumula polima osadziwa. Ikani mfumu ya deralo ifotokoze zimene inamva kwa makolo, katswiri aonetse zimene dothi likunena, pena agwirizane pena atsutsane. Ine ndingaonere zimenezo mpaka batire ya sola itatha. Ndipo kumapeto kwa gawo lililonse muzinena momveka kumene munthu angapite akatola chinthu m'munda, ndi chimene angayembekezere akapita, chifukwa wotola akaopa kuti akamangidwa kapena kulandidwa chimanjamanja, adzapita kwa wa sikelo.

Pulogalamu yoteroyo ikanathandizanso kutseka pakamwa akathyali amene akudyera pa njala imeneyi. Kawiri konse kwabwera anthu ovala bwino m'shopu mwanga kufunsa mawailesi akale a mavavu, ati muli mekyule wofiira wogulidwa mamiliyoni. Ndatsegula mawailesi moyo wanga wonse, mulibe chotero, ndipo mekyule wofiirayo ndi bodza limene lazungulira maiko ambiri. Mathero ake amakuuza kuti upereke kaye ndalama yoyezera. Winanso anabwera ndi kabokosi ka tinyanga tiwiri, ati kamaloza golide ali pa mtunda wa kilomita. Nditamasula tizomangira ndinapeza batire, kababu kofiira ndi waya wosalumikizidwa kulikonse. Mwini wake anagulitsa ng'ombe kuti akagule. Ndinasowa pomuyambira.

Za golide weniweni wa m'mitsinje, amene anthu akusefa ku Makanjira ndi ku Lisungwe, ndi nkhani ina yokhala ndi malamulo ake a migodi, siyanga lero.

Koma pali chimodzi chimene ife a m'malire sitingachilumphe. Makina amenewa ambiri a ife tinayamba kuwamva dzina nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, pamene anthu ovala zodzitetezera ankakwawa nawo kutsidyako kufuna mabomba okwirira. Tinakhala ndi othawa nkhondo m'midzi mwathu, ndipo ena tinawaona akubwera ndi mwendo umodzi. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika, koma zipolopolo ndi zida zina zotayika m'tchire sizinalembedwe pa mapu a munthu. Kwa sipika ija, chigwinjiri ndi bomba zimalira mofanana. Mzungu wa pa kanema akamva kulira amagwada n'kukumba ndi manja. Mnyamata wa kuno amene amadumpha msewu kupita kutsidya ndi piki, usiku, akutsanzira munthu woyenda pa dothi lina.

Theka la ndalama zanga lija silinabwere. M'malo mwake wa ku Joni uja anabwera madzulo ena, wamanyazi, n'kuika patebulo chigwinjiri chimodzi chimene wa sikelo anachikana chifukwa chinali chopepuka, timikanda 11 tobiriwira ndi tofiira timene anatola m'thumba la buluku lake, ndi phale limodzi lokhala ndi mizere yopingasa. Ndinamukhazika pansi kuti andiuze bwinobwino pamene anakumba, kutalika kwake kuchokera pa mtengo wa mkuyu, ndi kuya kwa dzenje, ndipo ndinalemba zonse kuseri kwa lisiti. Zili m'kachitini pa shelefu ya pamwamba, pambali pa peni yanga ya njovu. A nthambi ya zinthu zakale akawerenga kalatayi afunse kwa inu Akonzi, keyala yanga ndakupatsani. Ditekita ija ili pansi pa tebulo langa, yadukanso waya pomwe paja, ndipo mwini wake ndamuuza kuti sodala yandithera.

Wokonza mawailesi,
Dedza